Kalembera wa pa Khonde la Magdalena

Bangula,
14 Ogasiti 2023

Gideon mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre ndi kuzizira kwanuko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kutiwotcha ngati tinalilakwira.

Usadabwe kuona kalata m'malo mwa foni. Pa foni umandidula mawu. Ndikangoyamba, iwe "achemwali ndili pa msonkhano, ndikuimbirani." Pepala lilibe msonkhano. Ndampatsa Fernando wa minibasi, ndipo yankho upereke kwa iye yemweyo.

Ndamva kwa amalume a Augustino, osati kwa iwe, kuti ukusiya ntchito yako yolemba mapulogalamu a kompyuta kuti ubwerere ku yunivesite. Akuti ukukaphunzira kayambitsidwe ka bizinesi. Ndinaseka mpaka Agnesi, mnzanga wa benchi imodzi pamsika paja, anandifunsa ngati ndalawa kachasu. Kayambitsidwe? Nanga Kabelu ndi chiyani, ndi chithumwa?

Mwina waiwala, ndikukumbutse. Ife amayi ogulitsa nsomba tinkakwera kabaza m'mamawa kupita ku doko, mtunda wonse uja, n'kukapeza mabwato abwera opanda kanthu, pomwe ku doko lina nsomba za makakana zikuwolera padzuwa. Iwe unabwera pa Khirisimasi, unakhala masiku anayi pamkeka ndi kompyuta yako, n'kupanga kanthu kaja. Tsopano mabwato akakocheza, Thom wa ku doko la kumtunda kapena a Maliko a ku doko la kumunsi amadina manambala pa foni, uthenga n'kugwa m'mafoni mwathu: doko lakuti, milamba yambiri, makakana pang'ono. Foni ikalira timati Kabelu walira. Tilipo amayi 23, ndipo palibe wapitanso ulendo wachabe.

Amayiwa sanalowe chifukwa cha digiri yako. Ambiri sadziwa kuti digiri amaidya ndi chiyani. Analowa chifukwa ndinaimirira ine, wapampando wawo wa zaka zisanu ndi zinayi, n'kunena kuti uyu ndi mlongo wanga, chikavuta mudzafunse ine. Dzina langa ndi limene lakhala pa chinthu chakochi, Gideon. Mwamuna ndinaika, ng'ombe ndilibe, ndili ndi dzina basi, ndipo ndi limene limachititsa asodzi kundisungira nsomba ndikachedwa.

Chimene Kabelu akufuna si sukulu. Akufuna iwe udzakhale pa doko sabata ziwiri, udzaone ndi maso ako. Manja a Thom amakhala onyowa, foni imakana. A Maliko maso ayamba kuvuta, manambala ako aja awachulukira. Asodzi a madoko ena awiri akufunsa kuti ife liti. Zimenezi akakuphunzitsa mphunzitsi uti, amene nsomba amakumana nayo m'mbale yokazinga kale?

Ndakutumizira milamba isanu yowamba. Udye, mwina mutu ubwerera m'malo.

Ndine mlongo wako,
Magdalena

Blantyre,
21 Ogasiti 2023

Achemwali,

Takhuta, zikomo kwambiri chifukwa cha milamba. Anzanga a mu ofesi anadandaula fungo, koma pa nkhomaliro omwewo ndi amene anali patsogolo. Ndili bwino. Moni kwa a Agnesi ndi amayi onse.

Pepani kuti munamvera kwa amalume. Ndimadziwa kuti mukalipa, ndiye ndimati ndiyambe ndalandira kalata ya sukulu. Yabwera, ndipo andipatsa mwayi wophunzira ulere kwa chaka chimodzi ndi theka. Ntchito ndasiya Lachisanu.

Mundimvetse bwino. Kabelu ndimamunyadira, koma amayi 23 si bizinesi, ndi chiyambi chabe. Ine ndimadziwa kulemba pulogalamu, koma sindidziwa kuikulitsa kuti ifike Nsanje yense, Chikwawa, mpaka kutsidya ku Mozambiki. Alipo anthu a chuma amene amafunafuna achinyamata a maganizo otere, koma sangakhale pansi ndi munthu amene umboni wake ndi "achemwali anga akuti zikuyenda". Amafuna kafukufuku, amafuna manambala, amafuna munthu wodziwa kulankhula m'kalankhulidwe kawo. Zimenezi siziphunziridwa pa doko.

Za manja onyowa ndi maso a a Maliko ndamva. Ndi tinthu tating'ono, ndidzatikonzera pamodzi ndikadzamanga Kabelu watsopano. Wakaleyo aziyenda yekha, safuna ine.

Dzina lanu musalidere nkhawa. Tsiku lina mudzaliwerenga m'nyuzipepala.

Mlongo wanu,
Gideon

Kasisi,
30 Ogasiti 2023

Mwana wa mlongo wanga Gideon,

Landira moni wa ine malume ako pamodzi ndi azakhali ako. Shuga akundivutabe, koma nkhani yako yandichiritsa theka.

Digiri yachiwiri! Agogo ako anawoloka Shire kuchokera kutsidya atasenza khasu lokha, ndipo lero mdzukulu wawo akulowa yunivesite kawiri. Ine amene ndinagwira choko zaka makumi atatu ndi zitatu ndikudziwa kulemera kwa chinthu chimenechi. Ndauza kale mpingo wonse, ngakhale amene sanafunse.

Magdalena wandilembera kalata yaukali, akuti ndikukulimbikitsa zopusa. Usamumvere. Munthu amene sukulu anaisiyira Fomu 2 n'kukakwatiwa ndi dengu la nsomba sangayeze phindu la yunivesite. Kwa iye dziko limayambira pa doko n'kuthera pa benchi. Umulemekeze monga mkulu wako, koma nzeru uzifunsa kwa ife.

Ukadzafuna anthu pa ntchito yakoyo, undiuze. Akatekisiti ambiri a ku Bangula ndi ana anga a m'kalasi, ena ndinawakwapulapo, amandiopabe mpaka lero. Ndikangotsokomola, Lamulungu lomwelo uthenga wamveka m'matchalitchi asanu.

Ukamabwera undigulireko taye, yanga ija njenjete zadya.

Malume ako,
Augustino

Blantyre,
15 Januwale 2024

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Pepani ndakhala chete, sukulu yandipana. Amalume akuti mwapita ku Marka kukadikirira mwana wanu Immaculate, amene ali pafupi kuchira. Mulungu amuthandize.

Ndaphunzira zambiri, ndipo chachikulu ndi ichi: usamange chinthu usanafunse amene adzachigwiritse ntchito. Choncho pa 10 Febuluwale ndikubwera ku Bangula kudzachita kafukufuku. Ndibwera ndi anzanga awiri a m'kalasi. Sukulu yatibwereka galimoto yake ndi matabuleti atatu, ndipo tasindikiza matisheti ofanana kuti tizioneka anthu a ntchito.

Mafunso ndi ochepa. Dzina, mudzi, nambala ya foni, anthu angati pabanja, anataya chiyani pa madzi osefukira a chaka chatha, kuti tidziwe mphamvu zawo pa chuma. Lomaliza ndi lakuti kodi angakonde kulowa Kabelu ndi kumaperekako kangachepe pamwezi. Aphunzitsi akufuna anthu osachepera 300. Amalume alonjeza kulengezetsa m'matchalitchi, ndipo abwera okha kudzathandiza.

Malo ndasankha khonde lanu, poti aliyense amalidziwa. Musavutike kubwerera, khonde silifuna kiyi.

Mlongo wanu,
Gideon

Marka,
3 Febuluwale 2024

Gideon,

Moni ndilemba pamapeto malo akatsala. Kalata yako yayenda masabata awiri ndi theka, yandipeza dzulo. Ndakuimbira kanayi. Kuno foni ikugwira netiweki ya ku Mozambiki, mayunitsi amatha usanamalize "halo". Kachinayi unayankha, "achemwali ndili m'kalasi," n'kudula. Immaculate ali m'chipatala, miyendo yatupa, sindingamusiye.

Usabwere ndi galimoto ija. Wamva? Usabwere nayo.

Iwe madzi a chaka chatha unawaonera pa kanema. Ife tinagona pa sukulu masabata asanu. Madzi ataphwa anabwera amabungwe, ndipo ndikuuze mmene ankaonekera: galimoto yolembedwa m'mbali, matisheti ofanana, tabuleti m'manja. Ankafunsa dzina, mudzi, nambala ya foni, anthu angati pabanja, munataya chiyani. Amene analembedwa analandira chimanga, zidebe, mabulangete ndi malona. Amene anali kumunda tsiku limenelo sanalandire kanthu, ndipo mpaka lero salankhulana ndi anansi awo. Tsopano werenganso mafunso akowo, pang'onopang'ono, monga amawerengera ana a Sitandade 2.

Kuno munthu wa tabuleti sayankhidwa kuti ayi. Ukawafunsa ngati akufuna Kabelu, ati ande, eya wa m'Chisena uja. Ukawafunsa ngati akufuna ndege, ati ande. Ukawafunsa ngati angadye mchenga pamwezi kawiri, akufunsa kuti tisaine pati. Si kuti ndi opusa. Anaphunzira kuti wokana funso amachotsedwa pa mndandanda.

China chimene mwana aliyense wa kuno amadziwa: khonde limene alemberapo mayina ndi limene katundu amafikira. Mwini khonde ndi amene amagawa, ndipo ndi amene amafunsidwa.

Ukufuna kudziwa maganizo a anthu? Kwera minibasi ya Fernando, uvale malaya ako akale, ukakhale pa benchi ndi Agnesi masiku atatu, umugulire tiyi, usalembe kanthu. Akuuza zonse, ndi zosafunsa zomwe.

Amalumewo uwauze akhale ku Kasisi ndi taye yawo. Khonde langa ndakana. Ndabwereza, ndakana.

Moni.
Magdalena

Blantyre,
19 Febuluwale 2024

Achemwali,

Ndamva kuti Immaculate wachira, mwana wamkazi. Tayamika! Mumupsompsonere m'malo mwanga.

Mukanakhalapo mukanalira ndi chimwemwe. Timafuna anthu 300, tinalemba 612! Tinafika cha m'ma 7 koloko, koma mzere unali utayambira pa khonde lanu mpaka kukhota pa mjigo. Ena anachokera kutali ndithu, atabereka ana. Amalume anaima pakhomo ndi taye yatsopano, akusunga mzere ngati ali pa asembule. Tinamaliza dzuwa litapendeka, osadya.

Tamverani izi: mwa anthu 612, okwana 598 avomera kulowa Kabelu ndi kumalipira pamwezi. Okana ndi 14 okha. Aphunzitsi anga ataona anavula magalasi. Akuti zaka zonse zimene aphunzitsa sanaonepo msika wanjala chonchi. Mnzanga wina amene anafunsa anthu a m'tauni za pulogalamu yake anapeza ovomera asanu ndi atatu okha, akungondiyang'ana ndi kaduka.

Chimene chinandikhudza ndi chikondi cha anthu. Agogo ena, a Maness, anandigwira manja onse awiri n'kundidalitsa, akuti chaka chatha anawadumpha koma lero Mulungu wawakumbukira. Sindinamvetse bwino, Chisena changa chazizira, koma ndinaona kuti Kabelu amuyembekezera nthawi yaitali. Ambiri ankafunsa kuti zifika liti. Ndinawauza kuti pakatha miyezi itatu, ndipo zikafika achemwali anga a Magdalena ndi amene adzathandize aliyense. Anaomba m'manja.

Munkati sukulu ndi yachabe. Pa doko paja ndikanapeza anthu 612?

Mlongo wanu,
Gideon

Ndimati nditseke envulopu, Fernando wandipatsa kalata yanu ya pa 3. Akuti minibasi inafa giya sabata ziwiri, kalata inatsalira m'galimotomo. Ndaiwerenga. Mumadera nkhawa zinthu zambiri, achemwali. Tinafotokoza momveka bwino poyamba kuti ndife ophunzira.

Bangula,
20 Malichi 2024

Gideon,

Ndili moyo. Kuti ndili bwino sindinganame.

Munafotokoza poyamba kuti ndinu ophunzira. Kwa ndani? Kwa anthu khumi a kutsogolo kwa mzere? Wa nambala 400, amene anali ku mjigo, anamva chiyani? Anamva zimene analengeza kutchalitchi: mwana wa kuno wabwera ndi galimoto, kuli kalembera kwa Magdalena, osaiwala chitupa.

Ndinabwerera pa 1 Malichi. Kuyambira tsiku limenelo sindinatsegulepo chitseko osapeza munthu. Amabwera ndi matumba opindapinda m'khwapa, amandipatsa moni waulemu kuposa kale, n'kukhala pansi pa mtengo wa nimu. A Maness ako odalitsa aja amayenda maola awiri ndi ndodo. Ndafotokoza m'Chichewa, ndafotokoza m'Chisena, nkhabe chinthu, kulibe kanthu, anali mafunso a sukulu. Amagwedeza mutu, amati tamva mayi, tidzabweranso Lolemba.

Chidebe changa chinang'ambika, ndinagula china. Pofika madzulo msika wonse unali utadziwa kuti zidebe zafika ndipo ndayamba ndi abale anga. Ndachibisa kuseri kwa bedi, ndikutungira chong'ambika chomwecho, ine mwini ndalama zanga.

Tsopano za anthu ako 598 amene anavulitsa aphunzitsi magalasi. Muli a Humphrey osaona aja, amene foni sanaigwirepo chibadwire. Muli abusa a mpingo wosadya mlamba, ndi banja lawo lonse. Muli asodzi, amene ukufuna uziwauza pa foni kuti iwo eni akocheza. Koma abale, sukulu!

Ndipo 14 okana aja, unafunsako kuti ndi ndani? Ndi amayi anga a Kabelu, pamodzi ndi Agnesi. Ndi okhawo anamva funso lako lomaliza. Anakana chifukwa doko limodzi silingadyetse Bangula yense. Kabelu amakoma polira m'mafoni 23. Anthu okhawo amene anakuuza zoona ndi amene aphunzitsi ako awatcha ochepa.

Miyezi itatu imene unalonjeza ikutha pa 10 Meyi. Anthu akuwerenga masiku, ena amanga mfundo pa chingwe. Bwera usanafike tsikulo. Ukaime pamsika Loweruka, pakamwa pako pomwepo patuluke mawu akuti kulibe chimanga. Kwa ine sakumva, akuti ndikufuna ndidye ndekha.

Sindinakupemphepo kanthu chiyambire iwe kugwira ntchito. Ichi ndikupempha.

Magdalena

Kasisi,
2 Epulo 2024

Gideon mwana wanga,

Moni. Shuga wakweranso, ndipo amene wamukweza ndi mlongo wako ndi makalata ake.

Akuti ine ndinanamiza anthu. Ine? Ndinangouza akatekisiti kuti kuli kalembera. Kodi mayina sanalembedwe? Ndikanati kuli kafukufuku wa ophunzira, kukanabwera mbuzi ziwiri ndi munthu wamisala. Unafuna anthu 300, ndinakupatsa kuwirikiza. Zimene anthu osaphunzira amaganiza m'mitu mwawo si mlandu wa mphunzitsi.

Akukuitana kuti ukaime pamsika. Usapite. Mayeso ali pafupi, ndipo munthu wa msinkhu wako sakafuula pakati pa ntchentche ndi mamba a nsomba. Anthu a kumudzi amaiwala msanga, mapira akacha nkhaniyi yatha. Magdalena ndi wapakamwa, adziteteza yekha.

Ine ku Bangula sindipitako pakali pano, adokotala andiletsa maulendo ataliatali.

Malume ako,
Augustino

Blantyre,
6 Meyi 2024

Achemwali,

Moni. Kalata yanu inandimvetsa chisoni, ndipo ndimafunadi kubwera, koma Loweruka lililonse timakonzekera mpikisano wa mabizinesi a ophunzira. Unachitika dzana. Achemwali, ndapambana! Andipatsa chikho, ndipo bambo wina wa kampani yaikulu wandipatsa khadi lake kuti tidzakambirane.

Vuto lanu ndaliganizira, ndipo yankho ndalipeza. Anthu asokonezeka chifukwa sanaone chinthu chenichenicho. Akangochiona chikugwira ntchito, amvetsa okha kuti timanena za nsomba. Choncho ndalowetsa mu Kabelu manambala onse a foni amene tinalemba, alipo 431. Kuyambira pa 10 Meyi, tsiku limene ndinalonjeza, Thom kapena a Maliko akadina, uthenga uzipita kwa onse. Mwezi woyamba ndi waulere. Muona, nkhani ya chimanga ifa yokha.

Za amayi 14 ndinafunsa m'kalasi. Akuti makasitomala oyamba amakonda kukana kusintha, n'zodziwika.

Pempho limodzi. Bambo a khadi aja akufuna kuona nkhope za anthu. Mungajambulitse chithunzi muli ndi amayi onse pa benchi, mutakweza mafoni m'mwamba, mukumwetulira?

Mlongo wanu,
Gideon

Marka,
27 Meyi 2024

Bwana wa chikho,

Ona pamwambapo pamene ndalemba malo. Sindinabwere kudzacheza.

Kalata yako inandipeza pa 9 madzulo. Foni yako inali yozimitsa, kaya mumakondwerera chikho. Thom sindinamupeze, anali pamadzi. M'mawa wa pa 10 mabwato asanu ndi limodzi anakocheza ku doko la kumtunda, Thom anadina monga mwa masiku onse, ndipo mafoni 431 analira pa tsiku limene anthu anamangira mfundo. Ukuganiza kuti alipo anawerenga mawu akuti makakana? Anaona dzina la doko basi. Wa foni anauza wopanda foni. Anapita ndi matumba, mawilibala, ena anabwereka ngolo.

Anapeza mabwato asanu ndi limodzi ndi asodzi otopa. A kumbuyo ankakankha a kutsogolo poganiza kuti kugawa kwayamba. Bwato limodzi linagubuduzika, nsomba zinapondedwa m'matope, amayi anga sanagule ngakhale mchira. Thom anathawira m'bango, ndipo walumbira kuti chinthu chakocho sadzachidinanso. A Maliko atamva anachotsa simu khadi n'kupatsa mdzukulu wawo foniyo kuti aziseweretsa.

Kuchoka ku doko gulu lonse linabwera kwanga. Sindinadikire kuti athyole, ndinatsegula ndekha zitseko zonse ziwiri. Ndinati lowani muone. Anatukula matiresi, anavundukula miphika, anasuzumira m'chimbudzi. Anthu amene ndinawaphikira pa maliro a ana awo, Gideon. Sanapeze kanthu koma chidebe chatsopano chija. Ndinati mwaona tsopano? Mayi wina kumbuyo anayankha kuti wagulitsa kale ameneyu.

Lolemba amayi a gulu anakumana. Mpando anandilanda, umenewo ndi mtengo chabe, sindikuulirira. Koma anafunsa Agnesi, poti ndi amene amandidziwa bwino, ngati ndinadya katundu wa anthu. Zaka makumi awiri benchi imodzi, mbale imodzi, mwana wake woyamba anabadwira m'manja mwanga. Agnesi anayang'ana pansi n'kunena kuti sindikudziwa. Ndinalira, ine amene sindinalire pamaso pa anthu ngakhale poika mwamuna wanga.

Lachiwiri ndinapita ku doko. Msodzi amene wandisungira nsomba zaka khumi anandiona n'kutembenukira kumadzi. Ndiye ndili kuno, ndikuchapa matewera a mdzukulu.

Unkafuna kudziwa ngati kubwerera ku yunivesite kungakuthandize pa bizinesi. Kwakuthandiza, sindikana. Unalowa uli ndi amayi 23 ndi madoko awiri. Tsopano uli ndi chikho ndi khadi la bambo. Uziike pa tebulo, m'mawa uliwonse uzizifunsa kuti nsomba zakocheza kuti. Chithunzi chomwetulira ukajambule amalume ako.

Tchuthi chako chikuyamba kumapeto kwa Juni. Ngati mwa iwe mwatsala kanthu ka mayi athu, ubwere pa minibasi. Pamsika nthawi yake inadutsa. Uyende khomo ndi khomo, kwa aliyense amene unamulemba, wopanda tisheti, wopanda pepala m'manja. Ukanene kuti kunalibe katundu, unalakwa ndiwe, mlongo wako sanadye kanthu. Kabelu wafa, ameneyo musiye. Ndikufuna dzina langa.

Magdalena

Bangula,
9 Julayi 2024

Achemwali,

Moni kwa inu, Immaculate ndi khanda. Ndili m'nyumba mwanu tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndinabwera ndi Fernando, monga munanenera. Mndandanda ndimauwerengera m'nyumba, kunja ndimatuluka manja okha. Ndafika kwa anthu 58.

Palibe wandinyoza. Ndikanakonda akanandinyoza. Amandiyalira mkeka, amathamangitsa nkhuku, amanditcha a yunivesite. Ndimanena zonse monga munandiuzira, kuti kunalibe chimanga, kunalibe zidebe, ndinalakwa ndine, ndinali wopusa. Amamvetsera mpaka ndimalize. Kenako amati Mulungu akudalitse mwana iwe, si onse amene angayende padzuwa chonchi kubisira mlongo wawo. A Maness anandigwiranso manja, akuti ndisadandaule, iwo ine alibe nane chifukwa.

Lero ndinapita kwa a Agnesi. Ndinkati iwo poti funso la Kabelu analimva, amvetsa. Ndinagwada, achemwali, pamsika, anthu akuona. Anandidzutsa n'kundikhazika pa benchi, pamalo panu paja.

Anati, "Gideon, ndinakuberekapo kumbuyo ine uli khanda, usandinamize. Funso la Kabelu ndinalimva, ndipo ndinakana. Koma unandifunsanso kuti mabulangete angati anapita ndi madzi. Kabelu amafuna bulangete la chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza za mphamvu za chuma. Anandidula.

"Munthu wolowa yunivesite kawiri sangalakwitse chinthu chimene mwana wa Sitandade 3 wa kuno amachidziwa. Usadzinyoze chifukwa cha magazi. Iwe mbali yako unachita, katundu anatumizidwa. Kumene anathera, atiuze mwini khonde."

Atatero anandikulungira makakana awiri m'pepala, aulere, akuti ndine mwana wa mtima wabwino.

Achemwali, atsala mayina 554. Mawa ndikanene chiyani?

Gideon